Mabuku Anga Alibe Zikuto

Aliyense amene analowapo m'kanyumba kanga kosokeramo pa Nkaya anaiona shelefu ya kuseri kwa makina. Pansi pamakhala nsalu za anthu, pamwamba mabuku. Mabukuwo onse ndi osenda, alibe zikuto, ndipo alendo amaganiza kuti ndi ntchito ya chiswe kapena ya ana. Ndimang'amba ndekha tsiku lomwe ndagula, ndisanakwere n'komwe minibasi pa Balaka.

Matenda a mabuku ndinawatenga ndili kusekondale, ndipo sukulu itatha iwo sanathe. Anzanga ankalimbirana mabuku a zachikondi, aja mnyamata ndi mtsikana amadana mpaka tsamba lomaliza kenako n'kukwatirana. Ine amenewo amandigonetsa tulo. Ndinkafuna a maiko omwe kulibe, a mizinda yomangidwa pansi pa nyanja, a zombo zopita kuseri kwa nyenyezi, a anthu amene amatha kukambirana ndi mphepo. Ndimawapeza mumsika wa Balaka, pa kaunjika wa mabuku, atapsinjidwa ndi mabuku akale a masamu. Wogulitsayo amandisungira pambali, osati chifukwa cha chikondi ayi, koma palibe wina amene amawafuna.

Vuto langa ndi pakamwa. Ndikamaliza buku labwino pamandiyabwa, sinditha kukhala nalo ndekha. Munthu wabwera kudzayezetsa diresi, tepi ili m'chiuno mwake, ine ndayamba kale kumusankhira buku ngati ndikumusankhira nsalu. Anamwino ena ndinawapatsa la mayi amene ankamva zimene mvula ikunena ikamagwa pa denga. Bambo wina wogwira ntchito kusiteshoni ndinamukakamiza la sitima yoyenda m'dziko lomwe kukacha mapiri amakhala atasuntha, njanji n'kumafunika kuyalidwa mwatsopano. Aphunzitsi a pulayimale anatenga la mafumu awiri olimbirana chitsime chomwe ukamwamo umaiwala dzina lako. Ambiri ankabweza asanadutse n'komwe mutu woyamba. Wina anabweza likununkha usipa, ndipo mpaka lero sindinamufunse kuti ankalitani.

Munthu amene anandivuta kwambiri anali alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Kwawo ndi ku Phalombe, ndipo agogo awo anachokera ku Mozambique kalekale, moti Chichewa chawo ukachimvetsetsa chimakhala ndi kakomedwe ka Chilomwe. Kwathu anabwera chikamwini. Ntchito yawo inali yolumikiza masola m'manyumba ndi m'magolosale, komanso kukonza mafoni ndi mawailesi. Ankayenda pa njinga yamoto, chikwama chakuda cha zida kumsana, kumutu chisoti chagalasi chomwe achemwali anawagulira atagwa ulendo wina.

Akapeza ndikuwerenga, samalephera kundiputa.

"Alamu, munthu wamkulu ngati inu, wa ana awiri, kumatha maso ndi mabodza a azungu?"

"Nanga inu mpira womwe mumakuwira pa wailesi uja munauonapo ndi maso?"

"Mpira ulipo. Zanuzo zilipo kuti?"

"Zili pano," ndinkatero n'kuwamenya ndi bukulo paphewa.

Tsiku lina ndinapeza buku lomwe ndinadziwa kuti ndawakola nalo. Linali la mizinda iwiri yomangidwa padziko lina lakutali, lafumbi lofiira, komwe kulibe mpweya wopuma. Anthu ake amakhala m'nyumba zotseka ndipo mpweya amaupanga ndi makina oyendera dzuwa. Mizinda iwiriyo inali pa udani. Mwini nkhani sanali mfumu kapena msilikali, anali munthu wokonza masola, woyenda yekha m'chipululu ndi chikwama cha zida, mpweya wake atausenza m'mabotolo kumsana.

"Alamu, umu muli inu," ndinatero. "Wokonza masola, wamakani, ndipo akazi ake amamukalipira tsiku lililonse. Angosintha dzina."

Anaseka, n'kulitenga kuti angondichotsa pakhosi. Patapita masiku achemwali anabwera kudzandidandaulira kuti munthu uja sakumva, ukamuitana kuchakudya akungoti dikira ndimalize tsamba. Chingerezi chawo chinali cha Folomu 2, ankawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ndipo mawu ovuta ankabwera nawo kwa ine atawalemba padzanja. Lamulo lawo linali limodzi: ndisawauze mathero. Ndikangotsegula pakamwa ankatseka makutu ngati mwana. Ndinanyada, sindibisa. Ndinayenda mutu uli m'mwamba sabata yonse.

Chinali chaka chija cha anamapopa. Mphekesera inayambira uko kumalire, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka inatipeza. Ankati pali anthu oyenda ndi zikwama zakuda, mapaipi ndi majakisoni, amene amakupopa magazi uli mtulo, ukadzuka uli lefulefu. Ankati amachokera ku Mozambique. Palibe amene anamuonapo ndi maso ake, koma aliyense anali ndi msuweni wa mnansi wake amene anapopedwa. M'midzi ina anthu anayamba kugona panja pamodzi, ndipo anyamata ankatseka misewu ndi zipika n'kumasecha aliyense wachilendo. Tinamva kuti kwina anthu anaphedwa. Ine ndinkazinyoza pamaso pa makasitomala, koma madzulo ndinkakhoma mawindo onse ngakhale kunali kutentha kosaneneka.

Nthawi yomweyo ndinali nditasoka madiresi a operekeza mkwatibwi wina wa kwa Mposa, ndipo ukwati unali Loweruka. Alamu nawo anali ndi sola yokakonza pagolosale ina cha komweko. Tinagwirizana zonyamukira limodzi Lachinayi m'mawa.

Achemwali sanafune. Anaima pakhomo, mwana wakhanda kumsana, manja ali m'chiuno.

"Mukupita kumudzi komwe sakukudziwani, ndi chikwama chakuda, ndi lilime lanu la Chilomwelo? Dikirani zithe."

"Tibwera dzuwa lisanalowe," anatero alamu.

"Iwenso," anatembenukira kwa ine, "madiresiwo sungatumize pa basi?"

"Akafika osakwana ndani akabweza m'chiuno? Achemwali, musaope. Masana ano ndani angatitenge ngati anamapopa?"

Alamu anaponya buku lija m'chikwama, pamwamba pa zida. Anati atsala ndi masamba ochepa, akamaliza pomwe ine ndizikayeza atsikanawo.

Tinadutsa pa Liwonde bwinobwino, tinawoloka Shire, tinakwera mtunda wa ku Machinga. Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, ndinayamba kuona kuti zinthu sizili bwino. Anthu a m'mbali mwa msewu sankayankha tikakweza dzanja. Amayi ena pa mjigo anasiya kupopa madzi n'kumatiyang'ana mpaka tinakhota. Phiri la Chikala linali kutsogolo kwathu, dzuwa lili paliwombo.

Pa mtengo wina wa mango tinapeza chipika chili chopingasa pamsewu. Alamu anaima. Anyamata anatuluka pamthunzi, ena ndi zikwanje, ena ndi mipini ya makasu. Wotsogolera anali wamtali, wovala jezi ya mpira yong'ambika paphewa, maso ali psuu ngati munthu amene sanagone masiku angapo.

"Akutyochela kwapi?" anafunsa m'Chiyao, kufuna kudziwa komwe tikuchokera.

Alamu anakweza galasi la chisoti n'kuyankha m'Chichewa, mwaulemu, kuti tikuchokera ku Nkaya ndipo tikupita kuukwati. Wa jezi uja anapendeketsa mutu.

"Anenenso."

Alamu anabwereza. Mnyamatayo anayang'ana anzake.

"Mwamva malankhulidwewo? Kwanu kwenikweni ndi kuti, bambo?"

"Ku Phalombe."

Anthu anayamba kubwera kuchokera m'makomo, ena akuthamanga. Ndinatsika n'kumasula mtolo wa madiresi, ndinawatambasula kuti aone, ndinatchula mudzi wa mkwatibwi ndi dzina la amalume ake. Ndinatulutsa foni kuti ndiwaimbire, koma wina anaitsomphola m'manja mwanga.

"Mukufuna muitane anzanu?"

Chikwama cha alamu anachikhuthulira pansi. Zinthu zomwe ndinkaziona tsiku ndi tsiku pakhonde la achemwali, pafumbi paja zinaoneka zachilendo ngakhale kwa ine. Tochi. Mawaya. Botolo la madzi a batire. Kapaipi koonekera m'kati komwe ankakokera petulo m'thanki. Kamakina koyezera moto, kokhala ndi zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda, nsonga zake zosongoka ngati jakisoni. Chilichonse chikagwa anthu ankafuula. Alamu ankayesa kufotokoza chimodzichimodzi, koma mawu awo ankamira.

Kenako wa jezi anatola bukulo, n'kulitembenuza. Anayang'anitsitsa chikuto chake.

Ndiyenera kunena zomwe zinali pachikuto. Thambo lofiira, nthaka yofiira. Munthu wina wagona chagada, maso otseka. Pambali pake pagwada munthu wovala chisoti chagalasi, mabotolo kumsana, ndipo paipi ikuchoka pamabotolowo kukalowa pachifuwa cha wogonayo. Ine chikutocho ndinali nditachiona kambirimbiri, ndinkachikonda. Sindinaganizepo ngakhale kamodzi kuti munthu wina angaonepo chiyani.

Mnyamatayo anakweza bukulo m'mwamba, dzanja lina n'kuloza chisoti chomwe chinali chikadali kumutu kwa alamu.

"Buku lawo la ntchito ili! Onani mmene amapopera!"

Anawavula chisoticho mwankhanza. Sindinaone amene anamenya. Ndinangomva kulira kwa mpini, kenako alamu ali pansi, dzanja lili kumaso, magazi akutuluka pakati pa zala. Mayi wina anadutsa pakati pa anthu akulira, mpango utagwa, akuti mwana wake wadzuka wofooka m'mawa womwewo, sakutha n'kuima komwe. Bambo wina wachikulire wa kofia ankati tiyeni tiwatengere kupolisi, koma palibe amene ankamumva. Ndinaona wina akugubuduza tayala lakale kuchokera kuseri kwa nyumba. Wina anali atatsegula kale thanki ya njinga yathu, akufunafuna kapaipi kaja.

Ndinaopa. Ndinaona nkhope ya achemwali pakhomo paja, ndi mwana kumsana. Koma ndinapsanso mtima, ndipo kupsa mtimako ndi komwe kunandiyendetsa. Ndinakaima pakati pa alamu ndi tayala lija.

"Bukulo ndi langa! Ndinawabwereka ndine. Ndi nkhani chabe!"

"Nkhani ya kuti?" anafunsa wa jezi. "Zinachitikira kuti zimenezi?"

"Sizinachitike kulikonse."

"Nkhani yosachitika? Nanga chithunzichi anajambula ndani?"

"Anachita kujambula pamanja. Ndi zopeka!"

"Mwamva? Wavomera yekha kuti akupeka!"

"Iyayi, sindikupeka ine, anapeka ndi wolemba bukuyo!"

"Ndiye ndi bodza?"

"Eya, ndi bodza, koma…"

"Akuti ndi bodza! Akutinamiza ife tili pano!"

Mnyamata wina yemwe ankaoneka kuti anapitako kusukulu analanda bukulo n'kumatsegula masamba mofulumira, chala chikuthamanga. Posakhalitsa anakuwa kuti wawapeza mawu a Chingerezi otanthauza magazi. Anawapezadi. Buku lanji la masamba ochuluka chotero lomwe mulibe mawu amenewo? Tayala linafika pamapazi panga, fungo la petulo linamveka.

Zaka zonse zija ndikutsatsa mabuku kwa anthu, sindinasowepo chonena. Tsiku limenelo mawu onse anandithawa. Ndikati nkhani, iwo akumva za pa wailesi. Ndikati zopeka, akumva kuti ndine wabodza. Ndinafunafuna m'mutu dzina la chinthu chomwe chili m'bukumo, chinthu chomwe si choona koma si kunama, ndipo dzinalo silinabwere. Chomwe chinabwera ndi mawu amodzi okha, ndipo ndinawakuwa ndi mphamvu zanga zonse.

"Padangokhala!"

"Tili to…"

Anali wa jezi. Pakamwa pake panayankha pokha, iye asanalole. Anadzidula pakati, chikwanje chili m'manja, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wina wamuponda chala. Kumbuyo mayi wina anaphulika kuseka, kenako n'kudzigwira pakamwa. Phokoso linatsika pang'ono, pang'ono pokha.

"Padangokhala!" ndinabwereza.

"Tili tonse," anayankha amayi angapo, monyinyirika, monga mmene munthu amayankhira moni wa munthu amene wakwiya naye.

"Nthano masana, mayi?" anafunsa bambo wa kofia uja. Anali atasendera pafupi, ndipo ndinaona kuti phazi lake laponda tayala lija.

"Mwandiumiriza ndinu, bambo. Bukuli ndi nthano. Azungu nawo ali ndi nthano, kungoti zawo amazilemba. Ndiloleni ndiinene, mukaona kuti ndi ya anamapopa mutiotche tonse awiri."

Sindinadikire chilolezo. Ndinati padangokhala dziko lina, kutali kuseri kwa nyenyezi, komwe kulibe mpweya.

"Tili tonse."

Ndinati m'dzikomo munali midzi iwiri yodana, ndipo munthu wa mudzi uno akapezeka kumalire a mudzi winawo ankaphedwa osafunsidwa dzina. Sindinawonjezere, ndi mmene zilili m'bukumo, koma nditazinena pamalo paja ena anagwetsa maso. Ndinati kunali munthu wokonza masola, ngati bambo mwawagwetsawa, amene ankayenda yekha m'chipululu, mpweya wake atausenza m'mabotolo chifukwa kumeneko ukavula chisoti wafa. Ndinafotokoza za fumbi lomwe limakwirira masola, ndi za akazi ake amene anamuletsa kupita tsiku limenelo. Pamenepo ndinakumbukira achemwali, nthano n'kuima.

"Tili tonse," anandikankha bambo wa kofia.

Oyankha anali akuchuluka. Si onse ayi. Kumbali kunali anyamata ena amene ankangoti akutitayitsa nthawi ameneyu, ndipo yemwe anali ndi botolo la petulo sanaliike pansi. Ndinkalankhula maso anga ali pa botololo. Kumbuyo kwanga ndinkamva alamu akupuma movutika.

Ndinati tsiku lina wokonza masolayo anapeza munthu atagona m'chipululu, wa mudzi wa adani uja, mpweya wake utamuthera. Iye mwini anali ndi wongokwanira kufika kwawo. Akamugawira, mwina onse awiri safika. Akamusiya, palibe amene adzadziwe.

"Ndiye anatani?" anafunsa wina, kuiwala kuyankha mwa nthano.

Ndinatenga bukulo m'manja mwa mnyamata wa sukulu uja, ndipo anandilola. Ndinalikweza.

"Anachita izi. Paipiyi sikutulutsa kanthu mwa munthuyu. Ikulowetsa. Akumupatsa mpweya wake."

"Tidziwa bwanji?" anatero wa jezi. "Paipi ndi paipi. Pachithunzi sipaoneka kuti zikupita kuti."

Ankanena zoona. Ndinayang'ana chikutocho ngati ndikuchiona koyamba, kufunafuna chilichonse. Mayi wa mwana wodwala uja anali atafika pambali panga, misozi ikadali m'masaya. Anagwira ngodya ya bukulo n'kulikokera pafupi ndi maso ake. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Dzanja ili," anatero, akuloza. "Waliika kunsi kwa mutu wake."

Linalidi pomwepo. Dzanja lamanzere la wogwadayo linali kunsi kwa mutu wa wogonayo, kuutchinga kuti usagunde miyala.

"Wamugwira ngati mmene umagwirira mwana pomumwetsa mankhwala," anatero mayiyo. Sanaseke, sanapepese, anangolisiya bukulo n'kupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

Bukulo linayamba kuyenda m'manja mwa anthu, aliyense akufuna aone dzanjalo. Ena ankavomera, ena ankati dzanja si umboni. Wa botolo uja anafunsa kuti nanga zingwe zosongokazi n'zachiyani, ndipo mkangano unayambiranso. Ndinaona kuti zikhoza kubwerera pomwe zinali. Mnyamata wa sukulu uja ndiye anafunsa mokweza:

"Nanga anafika? Onse awiri anafika, kapena anafera m'njira?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Ndikanawauza chilichonse, ngakhale buku lonse kuyambira tsamba loyamba. Koma pansi, kumbuyo kwanga, kunamveka mawu ofooka, otuluka m'milomo yotupa.

"Alamu… musanene. Sindinafike pamenepo."

Anthu anaseka. Kunali kuseka koipa, kwa anthu amene atsala pang'ono kuchita chinthu chomwe sakanatha kuchibweza, koma kunali kuseka ndithu. Bambo wa kofia anawerama n'kudzutsa tayala lija, analigubuduzira kutchire, ndipo palibe anamuletsa. Anatuma munthu panjinga kuti akaitane amalume a mkwatibwi.

Wa jezi sakanangotisiya chomwecho anzake akuona. Anaswa kamakina koyezera moto ndi chikwanje, anaduladula kapaipi kaja. Kenako analoza bukulo.

"Chithunzichi chisapitirire pano. Akachiona a kutsogoloko sakufunsani nthano."

Ndinang'amba chikutocho ndi manja anga n'kumupatsa. Anachithira petulo yemwe anakonzera alamu, n'kuyatsa. Chinapsa msanga, pepala lokha.

Amalume a mkwatibwi anafika ali wefuwefu, anatizindikira, anakalipa, ndipo anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, aliyense akuti iye anangobwera kudzaona. Galimoto ya matola inatitengera kuchipatala. M'njira alamu anagoneka mutu pamiyendo panga, pamwamba pa diresi limodzi la operekeza lomwe ndinawamanga nalo kumaso. Ukwati unachitika Loweruka, mtsikana mmodzi anavala diresi lobwereka. Ine sindinapiteko.

Diso lamanzere silinaonenso. Lamanja linatsala, koma madokotala anati lisamatopetsedwe, ndipo alamu akayang'ana zilembo zing'onozing'ono mutu umawawa mpaka kusanza. Ntchito ya mafoni anasiya. Ya masola amagwirabe, koma kufupi, kumidzi komwe amawadziwa.

Achemwali atafika kuchipatala sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana ine, n'kunena mawu awiri okha: "Buku lako." Kuyambira pamenepo moni ankayankha, koma wa pakamwa pokha. Ana awo anasiya kubwera kudzatola tizidutswa ta nsalu kushopu. Ine ndinkadziuza kuti anamenya si ine, kuti chikwama chija chikanawakwiyitsa ngakhale popanda buku, ndipo mwina ndi zoona. Koma mpini unagwa atakweza bukulo, ndipo zimenezo ndinaziona ndi maso anga.

Sabata yomwe tinabwerera ndinatsitsa mabuku onse pashelefu n'kuyang'ana zikuto zake ndi maso a mnyamata wa jezi uja. Apa mkazi wa maso oyaka moto, apo chinjoka chamapiko, apo munthu akuuluka wopanda ndege. Ndinazing'amba zonse. Kwa miyezi ingapo sindinatsatse buku kwa munthu aliyense, makasitomala mpaka anandifunsa ngati ndikudwala. Buku la alamu, losenda, lokhala ndi kadontho ka magazi m'mphepete, ndinaliika pansi pa nsalu zotsala.

Mvula yoyamba itagwa, mwana wamkulu wa achemwali anabwera kushopu n'kuima pakhomo. Anati bambo akuti mubwere madzulo ano dzuwa lisanalowe, ndipo mutenge chija.

Ndinawapeza pakhonde, atakhala pampando wa ndalema, atavala magalasi akuda omwe anawapatsa kuchipatala. Anali ataonda. Achemwali anali pamphasa chapatali pang'ono, atatifulatira, akusankha mbewu ya mtedza m'lichero. Ndinapereka moni, anayankha osatembenuka.

"Mwabwera nalo?" anafunsa alamu.

"Ndabwera nalo."

"Munthu uja ndinamusiya m'chipululu atasenza mdani wake, mpweya utatsala pang'ono. Miyezi yonseyi ali pomwepo, alamu. Ndikagona ndimamuona. Pali tsamba ndinapinda ngodya."

Ndinakhala pansi n'kulitsegula. Ngodya yopindayo inalipo, ndipo pamzere wina panali chidindo cha chala chawo, cha girisi. Ndinayang'ana zilembozo koma sizinkaoneka bwino, maso anali atadzaza misozi. Ndinayesa kuyamba. Ine amene ndinakuwa pamaso pa mudzi wonse ndi zikwanje zawo, pakhonde la achemwali anga ndinalephera kutulutsa liwu limodzi.

Alamu anadikira. Kenako anatembenuzira mutu kwa ine, mbali ya diso lotsalalo.

"Tili tonse," anatero, ine ndisananene kanthu.

Mtedza unasiya kulira m'lichero. Achemwali sanatembenuke.

"Akuti ali nawe," anatero. "Yamba, dzuwa likupita. Ndipo ukweze mawu, kuno sikukumveka."